Wopsa ndi Madzi Otentha Tisamutche Wosasamala

Kwa zaka zingapo tsopano alimi akhala akulangizidwa kuti asamangogulitsa zokolola monga zachokera kumunda, koma aziyamba azisandutsa chinthu chamtengo wokwererapo. Chimanga chisanduke maheu, munkoyo kapena thobwa. Mango ndi magwafa afinyidwe kukhala juwisi. Mkaka uwiritsidwe, uthiridwe m'mabotolo, kapena ukhale yogati. Uphungu umenewu ndi wabwino, ndipo nafenso timauphunzitsa pano ndi mtima wonse. Komabe ntchito zonsezi zimadalira chinthu chimodzi chimene sichitchulidwa kawirikawiri polemba mapulani a bizinesi, ndicho madzi otentha. Popanda iwo phala silipsa, mabotolo sayera, ndipo mkaka suchedwa kusasa. Madzi omwewo ndi amene amasupula khungu la mnyamata wonyamula ndowa, nasiya mayi wovundula phala ali ndi zala zosatambasuka moyo wake wonse.

Ngozi yotere ikachitika, pamamveka msanga mawu awiri. Ena amati ndi tsoka, ena amati wopsayo sanasamale. Ife tikukana mawu onse awiriwa. Maganizo athu ndi akuti munthu akapsa ndi madzi otentha pamalo opangira zakumwa, kaya ndi m'fakitale yaikulu ya ku Lusaka kapena ku Ndola, kaya ndi m'chisakasa cha kalabu ya amayi kumudzi, funso loyamba liyenera kupita kwa mwini ntchito: kodi ndani anakonza kuti madzi owira azidutsa pafupi ndi thupi la munthu, nanga panalibe njira ina? Yankho la funso limeneli ndi limene lingateteze wantchito wotsatira. Kudzudzula wovulalayo sikuteteza aliyense.

Tiyambe ndi khungu lenilenilo. M'chaka cha 1947 akatswiri awiri a ku yunivesite ya Harvard ku America, Moritz ndi Henriques, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo wa nthawi imene kutentha kumatenga kuti kuwononge khungu. Anapeza kuti khungu limayamba kuwonongeka pa madigiri 44, ngakhale kuti pamenepo pamafunika maola ambiri. Kutentha kukamakwera, nthawiyo imafupika modabwitsa. Madzi a madigiri 55 amapsereza khungu la munthu wamkulu m'theka la mphindi kapena kuchepera apo. Pa madigiri 60 masekondi asanu okha akwanira kuti khungu liwonongeke mpaka mkati, ndipo pa madigiri 70 sekondi imodzi ndi yambiri. Khungu la mwana ndi la munthu wokalamba ndi lopyapyala, motero limapsa msanga kuposa apa.

Tsopano yerekezani manambalawa ndi amene ntchito yathu imafuna. Kuti tizilombo toyambitsa matenda tife mumkaka, mkakawo umatenthetsedwa pa madigiri 63 kwa mphindi 30, kapena pa madigiri 72 kwa masekondi 15. Juwisi wothiridwa m'mabotolo akadali wotentha amapyola pamenepo. Phala la maheu kapena la munkoyo limafika powira penipeni. Kwathu kuno, chifukwa dziko lathu lili pamtunda wokwera, madzi amawira asanafike pa madigiri 100. Ku Lusaka amawira pafupifupi pa madigiri 96. Kusiyana kumeneku khungu silikudziwa. Zonsezi zikutanthauza kuti palibe gawo limodzi la ntchito yotentha yopanga zakumwa limene khungu la munthu lingapirire. Ngakhale madzi amene aphulidwa pamoto kalekale, amene sakuchitanso phokoso kapena kutulutsa nthunzi yambiri, angathe kuvulaza munthu asanathe n'kufuula komwe.

Pali zinthu zitatu zimene zimakulitsa vutoli. Choyamba ndi nthunzi. Nthunzi ikakhudza khungu imasandukanso madzi, ndipo posandukapo imatulutsa kutentha kochuluka kuposa kasanu kumene kumafunika kuti madzi ozizira kwambiri afike powira. N'chifukwa chake munthu wovundukula mphika waukulu nkhope ili pamwamba pake, kapena womasula paipi ya boila isanazizire, amapsa moipa ngakhale dontho la madzi lisanamugwere. Chachiwiri ndi kulimba kwa chimene chikuphikidwa. Madzi amayenderera nagwa pansi, koma phala ndi manyuchi a shuga zimamatirira pakhungu, n'kupitiriza kuliwotcha. Phala lowira limathovokanso, kulavula timadontho m'manja ndi kumaso, ndipo likachita thovu limasefukira mwadzidzidzi. Chachitatu ndi mankhwala otsukira. M'mafakitale a mkaka, a mowa ndi a zakumwa zoziziritsa kukhosi, mathanki, mapaipi ndi mabotolo obwezedwa amatsukidwa ndi madzi otentha osakaniza ndi soda waukali. Madzi oterewa amawotcha kawiri, ndi kutentha ndiponso ndi mankhwalawo, ndipo sodayo amapitiriza kudya mnofu ngakhale madziwo atazizira.

Tikayang'ana mmene ngozizi zimachitikira, timaona kuti njira zake n'zochepa ndipo zimabwerezabwereza. Munthu amatunga madzi owira mumgolo ndi ndowa yosavundikira, nayenda nayo pansi ponyowa. Anthu awiri amaphula mphika waukulu pamafuwa, mmodzi n'kupunthwa pachikuni. Paipi yamphira yomangidwa ndi waya kapena ndi mphira wa chubu imasomphoka pamene madzi otentha akudutsa. Wina amatsegula mpopi osadziwa kuti mnzake ali kumapeto kwa paipiyo kapena ali mkati mwa thanki akutsuka. Madzi otentha amatayidwa pansi pamene ena akudutsa. Wantchito amalowetsa miyendo ya thalauza m'majombo, madzi n'kutsikira mkati mwa jombomo, phazi n'kuphikika mmenemo iye akulimbana ndi kuvula. Palibe chachilendo m'zonsezi. Aliyense amene wagwirapo ntchito yotere angathe kuloza malo enieni pamene ngozi idzachitikire tsiku lina. Chinthu chimene anthu angachilozeretu chisanachitike sitiyenera kuchitcha tsoka.

Nanga bwanji za kusasamala? Tivomereze kuti alipo antchito amene amathamanga, amene amacheza ali pafupi ndi mphika, amene amavula epuloni chifukwa cha thukuta. Koma taganizirani za kulemera kwake. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, motero ndowa ya malita 20 ndi katundu wa makilogalamu 20 amene amagwedezeka poyenda. Ngati munthu ainyamula kakhumi patsiku, masiku asanu ndi limodzi pamlungu, ndiye kuti pachaka wayenda ulendowo kokwana pafupifupi 3,000. Kodi alipo munthu padziko amene angayende maulendo 3,000 pansi ponyowa osaterereka n'kamodzi komwe? Ntchito imene chitetezo chake chonse chagona pakuti munthu asalakwitse ngakhale kamodzi ndi ntchito yokonzedwa molakwika. Munthu amatopa, amadwala malungo, amaganiza za mwana amene wamusiya kunyumba ali ndi chifuwa. Mwini ntchito wanzeru amakonza malo ake akudziwa kuti tsiku lotere lidzafika.

Tiwonjezepo kuti kuthamangako nthawi zambiri kumachokera kumwamba. Waganyu amene amalipidwa malinga ndi kuchuluka kwa mabotolo amene watsuka sangadikire kuti madzi azizire. Wantchito amene wauzidwa kuti galimoto inyamuka m'mawa ndipo maheu akhale atakonzeka adzaphula phala lili pamoto. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika, koma mwambiwu uyenera kumveka choyamba kwa amene amaika malire a nthawi. Ndiponso ntchito zonyamula, zotsuka ndi zosonkheza moto zimapatsidwa kwa atsopano, kwa aganyu ndi kwa achinyamata, omwe sanaphunzitsidwe ndipo amaopa kufunsa kuti angachotsedwe ntchito. Kumuika munthu wotere pamalo oopsa kwambiri, kenako n'kumutcha wosasamala atapsa, ndi kupanda chilungamo.

Akatswiri a chitetezo cha pantchito amagwirizana za ndondomeko ya njira zopewera ngozi, ndipo ndondomekoyo ndi yomveka kwa mlimi aliyense. Poyamba chotsani choopsacho ngati n'kotheka. Ngati sichingachoke, chitchingeni kuti chisakumane ndi munthu. Kenako ikani malamulo a kagwiridwe ka ntchito ndi kuphunzitsa anthu. Zovala zodzitetezera zimabwera pamapeto penipeni. Ambiri amayambira kumapetoko: amagula majombo ndi magolovesi n'kuganiza kuti udindo wawo watha. Koma mlimi amene ali ndi ng'ombe yogunda samangouza ana kuti azivala zolimba, amaimangira khola.

Pamalo ang'onoang'ono ndondomekoyi imatanthauza zinthu zimene mmisiri wapamudzi angathe kuchita. Lamulo loyamba likhale lakuti madzi otentha asanyamulidwe. Mgolo wowiritsira madzi uikidwe mpopi chapansi, ukhale pang'anjo yomangidwa ndi njerwa, ndipo malo otsukira mabotolo akhale pafupi ndi chakumunsi kwake kuti madzi aziyenda okha m'paipi. Ngati chinthu chiyenera kusuntha, chisunthe chozizira: botolo lipite kumadzi, madzi asapite kubotolo. Mphika wa phala usadzazidwe mpaka pamlomo. Gawo limodzi mwa magawo atatu litsale lopanda kanthu kuti thovu lipeze pokwera. Mthiko ukhale wautali ndithu. Phala lizizirire pamalo pomwe laphikidwira, moto utachotsedwa. Opanga munkoyo amadziwa kale kuti mizu imaikidwa phala litafunda, chifukwa kutentha kwambiri kumapha mphamvu ya mizuyo yosungunula phala. Motero kudikira kumene kumateteza manja n'kumenenso kumakometsa chakumwa. Pansi pakhale potsetsereka pang'ono ndi ngalande, kuti madzi asaime. Mapaipi amangidwe ndi zomangira zachitsulo zopangidwira ntchitoyo, ndipo aziyang'anidwa m'mawa uliwonse. Choyezera kutentha chikhalepo, pakuti chala si chida choyezera madzi.

Malamulo a kagwiridwe ka ntchito nawonso ndi osavuta. Wotsegula mpopi wa madzi otentha ayambe waona kumapeto kwa paipi ndi maso ake. Chivundikiro chitsegulidwe kuyambira mbali yakutali, kuti nthunzi ithawire kwina. Posakaniza madzi, ozizira ayambe kulowa, otentha pambuyo. Soda waukali azithiridwa pang'onopang'ono m'madzi ozizira, osati madzi pa soda, chifukwa soda akamasungunuka amatulutsa kutentha kwake ndipo angathe kuthovokera kumaso. Ana asafike pamalopo. Mfundo imeneyi ndi yaikulu kwa ife amene malo athu antchito ali pabwalo lomwelo pamene ana amasewera. Mpanda waung'ono wa bango kapena wa nsungwi wozungulira ng'anjo ungapulumutse moyo wa mwana wokwawa, ndipo mayi wobereka mwana kumsana asaime pamphika wowira. Pambuyo pa zonsezi ndi pamene tifika pa zovala: epuloni yaitali yosalowa madzi yofika kunsi kwa milomo ya majombo, thalauza lophimba majombo kunja, magolovesi aatali osalowa madzi, ndi magalasi oteteza maso potsuka ndi soda. Magolovesi ansalu ndi oipa kuposa manja opanda kanthu, chifukwa amamwa madzi otentha n'kuwasunga pakhungu.

Tikudziwa chimene ena adzayankha. Adzati bizinesi ikadali yaing'ono, ndalama zake n'zochepa, ndipo ng'anjo, mipopi ndi mapaipi zidzabwera phindu likayamba kuoneka. Mawuwa sitikuwapeputsa, pakuti tikudziwa mmene ngongole ya kalabu imavutira kubweza. Koma tiwerengere mbali zonse ziwiri. Chilonda chakupsa chimene chafika mkati sichipola m'mlungu umodzi. Chimafuna kutsukidwa ndi kumangidwa kawirikawiri kwa milungu kapena miyezi, ndipo nthawi zina madokotala amachita kutenga khungu pantchafu kuti aphimbe pamene papsa. Wodwalayo amafunika womudikirira kuchipatala, motero banja limataya manja anayi m'malo mwa awiri. Ngoziyo ikachitika mvula itagwa, munda umakhala wosapalira, ndipo njala ya chaka chotsatira imayambira pandowa imodzi. Chipsera chikauma molimba pachigongono kapena pazala, munthuyo sagwiranso khasu monga kale. Mtengo wa mpopi ndi thumba la simenti ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi zimenezi. Kusiyana kwake n'kwakuti mpopi amalipira mwini bizinesi, pamene chilonda amalipira wantchito ndi banja lake. Amene amati chitetezo n'chodula akutanthauza kuti wina ndiye alipire.

Bungwe la World Health Organization limayerekeza kuti anthu pafupifupi 180,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa cha kupsa, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi apakati. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti chithandizo cha wopsa kwambiri chimafuna zipangizo ndi akatswiri amene amapezeka m'zipatala zazikulu zokha. Munthu wa kumudzi wakutali ayenera kuyenda ulendo wautali kuti afike ku St Francis ku Katete, ku Chipata Central kapena ku UTH ku Lusaka. Kumene chithandizo chili kutali, kupewa kumakhala ndi mtengo woposa.

Malamulo a dziko lathu nawonso amaika udindowu pa olemba ntchito. Lamulo la Occupational Health and Safety Act la 2010 linanena kuti wolemba ntchito ayenera kuteteza thanzi ndi moyo wa antchito ake, kuwaphunzitsa ndi kuwapatsa zodzitetezera, ndiponso kuti pamalo pamene pali antchito khumi kapena kuposerapo pakhale komiti yoona za thanzi ndi chitetezo. Lamulo la Factories Act limafuna kuti maboila a nthunzi aziyesedwa ndi odziwa ntchitoyo. Lamulo la Workers' Compensation Act la 1999 limalamula olemba ntchito kulembetsa ndi kupereka ndalama ku bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene limalipira chithandizo ndi chipukuta misozi kwa wovulala pantchito. Ndalamazo amapereka wolemba ntchito, ndipo siziyenera kudulidwa pamalipiro a wantchito. Achinyamata amene mudzapite kukagwira ntchito m'mafakitale, funsani za zimenezi tsiku loyamba. Inu amene mudzayambe zanu n'kulemba anzanu ntchito, dziwani kuti tsiku limene mwayamba kulipira munthu mwasenzanso udindo wa khungu lake.

Ngozi ikachitika ngakhale zonse zakonzedwa, mphindi zoyambirira ndi zimene zimagamula kukula kwa chilonda. Chotsani msanga zovala ndi majombo zimene zanyowa ndi madzi otentha, koma nsalu imene yamatirira pakhungu isakokedwe. Vulani mphete, wotchi ndi zibangili dzanja lisanatupe. Thirani madzi oyera ozizira pamene papsapo kwa mphindi 20 zathunthu. Pamene palibe mpopi, tungani ndi kapu m'chidebe n'kumathira mosalekeza. Ngakhale patapita ola limodzi kapena awiri, kuthira madziku kumathandizabe. Madzi oundana asaikidwe, chifukwa amawonjezera kuwononga khungu. Mbali zina za thupi zifunditsidwe, makamaka ngati wopsayo ndi mwana. Mazira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano, mchere, phulusa ndi ndowe zisayandikire chilondacho. Zina zimasunga kutentha mkati, zina zimabweretsa tizilombo, ngakhale kafumbata amene, ndipo zonse zimavutitsa namwino amene ayenera kuzichotsa. Matuza asaboolidwe. Phimbani ndi pulasitiki yoyera yokutira chakudya kapena ndi nsalu yoyera yopanda ubweya, mosamanga kwambiri. Chikhatho cha wovulalayo pamodzi ndi zala zake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lake lonse. Chilonda choposa chikhathocho, kapena chimene chili pankhope, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena polumikizana mafupa, chipite kuchipatala tsiku lomwelo, chimodzimodzinso kupsa kulikonse kwa mwana ndi kwa soda. Ndipo musanyengedwe ndi chilonda choyera kapena chouma chimene sichikupweteka: kusapwetekako kungatanthauze kuti mitsempha yomvera ululu yapsa. Chifukwa cha zonsezi, pafupi ndi ng'anjo iliyonse pakhale chidebe chachikulu cha madzi oyera ozizira chimene ntchito yake ndi imeneyi yokha, ndipo chidzazidwe moto usanayatsidwe.

Chomaliza chimene tikupempha n'chotsika mtengo kuposa zonse, ndicho kabuku ndi cholembera. Kupsa kulikonse kulembedwe, ngakhale kathuza kamodzi, ngakhale ndowa imene inatayika popanda kuvulaza munthu: tsiku lake, malo ake, ndi ntchito imene inkachitika. Wolembetsa asadzudzulidwe kapena kudulidwa malipiro, chifukwa akaopa adzabisa, ndipo chobisika sichikonzedwa. Pakutha pa mwezi onse akhale pansi awerenge. Adzaona kuti malo amodzi kapena awiri ndi amene akubwera mobwerezabwereza, ndipo pamenepo ndi pamene ndalama yoyamba ya phindu iyenera kupita. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Kathuza ka lero ndi chenjezo la ngozi yaikulu ya mawa.

Tikufuna kuona makalabu ndi mabungwe a alimi akupanga zakumwa zimene zingaime pamsika pafupi ndi za m'mafakitale akuluakulu. Popanga mapulani a ntchito zimenezi, mtengo wa ng'anjo yomangidwa, mpopi, ngalande, epuloni ndi chidebe cha madzi ozizira ulembedwe pamzere umodzi ndi mtengo wa chimanga, shuga ndi mabotolo. Opereka ngongole ndi alangizi a zaulimi azifunsa za zimenezi asanavomereze pulani. Ndipo inu atsogoleri a makalabu, mlungu uno yendani pamalo anu antchito pamodzi ndi amene amanyamula ndi kutsuka, muwafunse pamene amaopa, ndipo mukonze pamenepo moto usanayatsidwenso.